Fargo ya mu shedi ya ku Free State: gasketi ya 218 inakana kukhala pa injini ya 218

Galimotoyi inabwera pa thirela mwezi wa June kukuzizira koopsa kuno ku East Rand, nditangoiona ikutsika ndinadziwiratu kuti ntchito yake si ya sabata imodzi. Ndi pikapu ya Fargo ya hafu tani, kuno amati bakkie, chiwongolero kumanja ngati zathuzi, ya mtundu uja Dodge anapanga kuyambira 1948 mpaka 1953 umene anthu amautchula Pilot-house chifukwa kebu yake ndi yaitali, magalasi mbali zonse, mpaka timawindo tiwiri tokhota m'makona akumbuyo. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, anaitenga pa famu ya agogo ake ku Free State komwe inakhala mu shedi zaka zambirimbiri nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Ineyo umakaniko ndinaphunzirira ku Ndirande, ndinakulira pa ma Bedford ndi ma Land Rover, kuno ku Joni ndagwirako ma Ford ndi ma Chevrolet akale angapo, koma Fargo kuigwira ndi manja angawa kanali koyamba.

Dandaulo la bwanayo linali lotere. Ali ku famu konko anaika batire yatsopano, petulo akuthira kuchokera m'botolo, injini inalira bwinobwino, koma patangopita mphindi pang'ono rediyeta inayamba kuwira, ku ekizozi utsi woyera, atasolola dipstick oyilo ali ngati tiyi wamkaka. Iwo anati ndi hedi gasketi, ndipo apo sanalakwitse. Anapita pa intaneti, anawerenga kuti Fargo ndi Dodge yemweyo wangosintha dzina, komanso kuti hafu tani ya zaka zimenezo imakhala ndi injini ya 218 (nambalayi ndi kukula kwa masilinda onse pamodzi mu ma cubic inch), nde anaoda kuchokera ku America seti yonse ya magasketi ndi maring'i, analipira ndege ndi msonkho, ndalama zambiri ndithu. Makaniko wa kufupi ndi famu atachotsa hedi n'kuyesa gasketi ija pa block, thunthu la injini lija mumakhala masilinda, inapezeka yaifupi. Mabowo a kutsogolo akayang'anizana, akumbuyo akuphonya. Bwanayo anafika kwa ine atakwiya, akuti ogulitsa aja amubera, amutumizira katundu wolakwika.

Ndinatenga tepi n'kuyeza hedi, zinali zosakwana miniti imodzi. Inakwana mainchesi 25 ndi kachidutswa, tinene masentimita 64. Gasketi ya m'bokosi ija inali ya mainchesi 23. Kenako tinapukuta kachitsulo ka manambala ka pa kebu ndi kansalu konyowa ndi dizilo, pang'onopang'ono osakanda, mawu anatuluka: Chrysler Corporation of Canada, Windsor, Ontario. Ndinawauza kuti bwana, sanakubereni ayi, anakupatsani ndendende chimene munapempha, gasketi ya 218, koma ma 218 alipo awiri ndipo si pachibale cha bele limodzi.

Apa nde ndiyenera kubwerera mmbuyo chifukwa vuto la galimotoyi lili m'mbiri yake, ndipo ndinakhala mausiku angapo ndikuwerenga ndisanamasule bawuti ina iliyonse.

Dzina loti Fargo si Chrysler analiyambitsa. Kunali kampani ya ku Chicago, Fargo Motor Car Company, inkapanga malole kuyambira 1913 n'kutseka mu 1922. Mu 1928 Walter Chrysler anafuna kulowa msika wa magalimoto a katundu nde anakhazikitsa Fargo Motor Corporation, n'kuyamba ndi timagalimoto tiwiri, Packet ndi Clipper, topangidwa ndi zipangizo za magalimoto ake a anthu. Koma chaka chomwecho cha 1928 anagulanso Dodge Brothers, ndipo Dodge anabwera ndi malole ake kale, aja ankadziwika ndi dzina la Graham Brothers, okhala ndi makasitomala ndi ma dealer dziko lonse. Nde Fargo inangokhala ngati mwana wobadwa nyumba itadzaza kale. Pofika 1930 ku America anasiya kuigulitsa ngati mtundu paokha.

Chimene chinapulumutsa dzinali ndi nkhani ya ma dealer. M'maiko ambiri akunja Chrysler anali ndi ma agent oposa mmodzi, wina wogulitsa Dodge, wina Chrysler ndi Plymouth, wina DeSoto, ndipo aliyense ankafuna lole yogulitsa kwa alimi ndi a mathiransipoti koma lole ya Dodge inali ya agent wa Dodge basi. Yankho linali losavuta, lole yomweyo kuimata baji ina, nthawi zina kusinthako pang'ono gililo. M'zaka za m'ma 1930 malole a Dodge anayamba kutuluka kunja ndi dzina la Fargo lokhala ndi chizindikiro cha dziko lapansi chija, kenako enanso ndi dzina la DeSoto, pamene munthu wa ku America weniweni lole ya DeSoto sanaigulepo kwawo. Ku Canada Fargo inayamba kugulitsidwa mu 1936 kudzera mwa ma dealer a Chrysler ndi Plymouth, inakhala mpaka 1972. Ford nayenso anachita chimodzimodzi ku Canada komweko, malole ake kuwamata dzina la Mercury kuyambira 1946 mpaka 1968, nde sikuti anali a Chrysler okha anzeru zimenezi.

Tsono baji yomweyo ya Fargo inkamatidwa pa magalimoto ochokera malo osiyanasiyana. Ena anapangidwa ku Detroit kuti apite kunja. Ena ku Windsor, tsidya lina la mtsinje kuyang'anizana ndi Detroit yomweyo, ndipo a ku Windsor anali ndi mwayi wawo: pa msonkhano wa ku Ottawa mu 1932 maiko a ufumu wa Britain anagwirizana zochepetserana msonkho, nde galimoto yochokera ku Canada inkalowa m'misika yambiri yoyendetsera kumanja mopepuka kusiyana ndi mnzake wa ku America. Ku England, ku Kew mu London, Chrysler anali ndi fakitale inanso, ndipo nkhondo yachiwiri itatha maiko ogwiritsa ntchito paundi akusowa madola, malole a ku Kew ndi amene ankagulika mosavuta. Ija ya mphuno yokhota ngati mlomo wa chinkhwe, Dodge 100 ya 1949 mpaka 1957, kebu yake yopangidwa ndi kampani ya mabodi ya Briggs yofanana ndi ya Leyland Comet ndi Ford Thames, yambiri yokhala ndi dizilo ya Perkins P6, nayonso kunja inkapita ndi baji ya Fargo kapena DeSoto, koma mukaiimika pambali pa pikapu ya bwana wangayu palibe chitseko kapena galasi limene mungasinthanitse. Ku Australia ankapanga awo ku Adelaide. Ku India Premier Automobiles ya ku Bombay inkamanga ma Dodge ndi ma Fargo. Ku Turkey fakitale ya Chrysler inayamba kutulutsa malole mu 1964, Chrysler atachokamo eni dziko anapitiriza, kampaniyo inadzatchedwa Askam, ndipo maina a Fargo ndi DeSoto anakhala pa malole atsopano kumeneko mpaka m'zaka za m'ma 2000, DeSoto ya ku America itafa kalekale mu 1960.

Nde munthu akati ndili ndi Fargo, sanakuuzeni kanthu za mapatsi.

Za ma 218 awiri aja zinayenda chonchi. Ku America Chrysler anali ndi ma block awiri a flathead ya masilinda 6, injini ya mavavu okhala mu block osati mu hedi, lalifupi la mainchesi 23 la Plymouth, Dodge ndi malole ang'onoang'ono, ndi lalitali la mainchesi 25 la DeSoto, Chrysler ndi malole akuluakulu. Ku Windsor atatsegula fakitale yawo ya ma injini mu 1938 msika unali waung'ono, kupanga ma block awiri sikukanabweza ndalama, nde anasankha lalitali lokha n'kumangosintha kukula kwa bowo la silinda ndi crankshaft kuti apeze masaizi onse. Choncho 218 ya ku America ndi block lalifupi, bore (kukula kwa bowo la silinda) mainchesi 3 1/4, stroke (mtunda umene pisitoni imakwera ndi kutsika) 4 3/8. Ya ku Canada ndi block lalitali, bore 3 3/8, stroke 4 1/16. Mukachulukitsa zonse zimafika pafupi ndi 218, pa pepala ndi injini imodzi, koma gasketi ya hedi, ya manifold, ya sampu, mapisitoni, maring'i, crankshaft, zonsezi sizilowana. Pa block lalitali lomwelo palinso 228, 237, 251 ndi 265, nde kuyeza hedi kokha sikutha nkhani.

Apa Chrysler anatisiyira kanjira kabwino kamene ndinakakonda kwambiri. Pa hedi, pamwamba pa silinda nambala 6, pali kapulagi kakang'ono ka mazinga koyang'ana ndendende pa pisitoni. Mukakamasula n'kulowetsa waya wowongoka, mnzanu akuzunguza injini ndi dzanja, mumayika chizindikiro pamene waya wafika pansi ndi pamene wakwera, mwayeza stroke osatsegula chilichonse. Ife hedi inali itachotsedwa kale nde tinayeza pa pisitoni penipeni, stroke inapezeka mamilimita 103, bore pafupifupi 86. Imeneyo ndi 218 ya ku Windsor, yosabowoledwapo chibadwire. Kamnyamata kamene ndimagwira nako ntchito, ka kwathu konko ku Mulanje, kanayeza kawiri kosakhulupirira kuti injini ya zaka zoposa 70 ingakhale ikadali pa standard.

Koma ine mtima sunakhazikike ndi gasketi yokha. Gasketi simangopsa yokha, chilipo chimene chinaiotcha, ndipo ndikanangoika yatsopano bwanayo akanabweranso mwezi usanathe. Nditayang'ana yakale ija, inapsa pakati pa silinda 5 ndi 6, kumbuyo kwenikweni, ndipo mavavu a ekizozi a kumbuyoko anali oyera mbuu kusiyana ndi akutsogolo. Pa flathead mavavu amakhala mu block pambali pa masilinda, osati mu hedi, nde moto wonse wa ekizozi umadutsa mu block. Pofuna kuziziritsa mipando ya mavavu, Chrysler anaika paipi yophwatalala ya chitsulo chopyapyala mkati mwa block, kuseri kwa wotapampu, yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ili ndi timabowo topemerera madzi pansi pa vavu iliyonse ya ekizozi. Amaitchula water distribution tube. Ikadyeka ndi dzimbiri madzi amangozungulira kutsogolo pamene kumbuyo kukupsa.

Tinachotsa rediyeta ndi wotapampu, kukamwa kwa paipiyo kunaoneka bwino, koma titaikoka inaduka, m'manja munangotsala kachidutswa kotalika ngati chala. Zotsalazo zinatitengera masiku awiri athunthu. Tinapanga ngowe ndi chitsulo chophwatalala, kulowetsa, kukola pa kabowo, kukoka ndi slide hammer, kutuluka kachibenthu, kubwereza. Tinagumula ma welch plug onse, tizitsulo tozungulira totseka mabowo a madzi m'mbali mwa block, ndipo zimene zinatuluka kumbuyoko zinali matope enieni ofiira, olimba ngati dothi la pa chulu, tinachita kukumba ndi waya kenako kupopera madzi amphamvu mpaka atayamba kutuluka oyera. Madzi a pa famu a m'chitsime opanda antifreeze kwa zaka zonsezo, zotsatira zake ndi zimenezo. Ndinawatumizira bwanayo chithunzi cha ndowa ya matopeyo kuti amvetse chifukwa chake bilu ikukwera, chifukwa ntchito ya mtundu umenewu kasitomala saiona, amangoona galimoto itaima.

Mapatsi a block lalitali sanavute kupeza titangodziwa chofunsa, chifukwa injini ya banja limeneli inagwira ntchito m'malo ambiri, m'malole akuluakulu a Dodge, m'ma combine a Massey-Harris, m'mafokolifiti, m'mapampu a madzi, ndipo Chrysler anapitiriza kuipanga ya mafakitale zaka zambiri injini yatsopano ya Slant Six italowa kale m'magalimoto a anthu mu 1960. Pa ulendo uno sitinaode ndi dzina la galimoto. Ndinajambula block pa katoni, bowo lililonse la madzi, makamaka akutsogolo aja chifukwa ma injini ena ali ndi kanjira ka bypass mkati ena alibe, ndinaika tepi pamwamba n'kujambula chithunzi, ogulitsa anafananiza asanatumize. Paipi ija nayonso ili ndi yaifupi ndi yaitali, tinaitanitsa yaitali. Chovutirapo ndi mapisitoni a 3 3/8, anthu ambiri amangobowola block kufika 3 7/16 kuti agwiritse ntchito saizi yofala ya ma injini akuluakulu aja, koma ife masilinda anali abwino, tinangopanga honing, kupala pang'ono mkati mwa masilinda, n'kuika maring'i atsopano. Ine ndinakana zobowola. Chitsulo ukachidya sichibwerera, ndipo block limene lafika pano lili pa standard ndi bwino kusiyira amene adzabwere pambuyo pathu malo oti adzabowole akadzafunikadi.

Hedi inapita ku engineering kukapalidwa pang'ono chabe poti inali itapindika kumbuyo. Mavavu tinawapera, awiri a ekizozi tinasintha. Bwanayo ankada nkhawa ndi petulo wa masiku ano wopanda lead, ndinawaonetsa mipando ya mavavu a ekizozi kuti ndi mphete zolimba zochita kuikamo, Chrysler ankaziika kuchokera kufakitale kuyambira m'ma 1930, nde palibe chifukwa chothira mankhwala mu thanki. Mabawuti a hedi tinamanga kuyambira pakati kupita kunja, 65 mpaka 70 ft-lb, injini itatentha n'kuzizira tinabwerezanso, ndipo angapo anayendadi. Firing order ndi 1-5-3-6-2-4 ngati ma six ambiri.

Ku mateyala kunatsala pang'ono kuchitika ngozi. Ndinapeza mnyamata uja atakwera pa paipi yoonjezera pa wilo sipanala, akulimbana ndi teyala la kumanzere, akuti madala manatiwa agwira dzimbiri sakusuntha. Ndinakuwa kuti aise tsika msanga. Magalimoto a Chrysler a nthawi imeneyo mbali ya kumanzere mazinga ake ndi amanzere, pa mutu pa stud pamadindidwa L, nde iye poganiza kuti akumasula anali akumangitsa. Titayang'ana tinapeza ma stud awiri oduka kale, a kalekale, kusonyeza kuti wina pa famu paja anagwa mu dzenje lomwelo. Kumbuyo dramu imakhala pa shaft yosongoka yokhala ndi kiyi, popanda hub puller yamphamvu yogwira pa ma stud situluka, ndipo ndaonapo anthu akumenya nyundo pa mutu wa shaft mpaka kuphwanya mazinga. Mabuleki ndi a Lockheed, sadzisintha okha, nsapato iliyonse ili ndi cam komanso anchor ya eccentric, ukangosintha cam yokha nsapato imagwira ndi nsonga basi. Tinapaka choko pa lining, kuzunguza dramu, kuona pamene pafufutika, kusintha, kubwereza mpaka nsapato yonse itagona pa dramu. Apa mwamwayi mapatsi a ku America analowa bwinobwino.

Za magetsi tinakanganako ndi bwanayo. Galimotoyi ndi ya 6 volts, positive earth, kutanthauza kuti waya wa + ndi umene umapita ku chasisi. Ku famu kuja batire anaimanga mwa masiku ano, nde ammeter inkaonetsa discharge injini ikamalira. Iwo ankafuna tisinthe zonse zipite ku 12 volts ndi alternator chifukwa sitata inkazungulira mwaulesi. Ndinawapempha kuti andilole ndiyese kaye, poti ndinaona kuti mawaya a batire anali opyapyala, a galimoto ya masiku ano. Pa 6 volts sitata imakoka current yochuluka pafupifupi kawiri, imafuna waya wonenepa ngati chala chachikulu ndi earth yoyera. Tinaika mawaya onenepa, kupala malo onse a earth mpaka chitsulo chiwale, kubwezera batire mmene inayenera kukhalira, kupanga polarise jenereta, sitata inazungulira bwino ndipo ngakhale m'mawa kozizira injini imadzuka. Ndikuvomereza kuti magetsi akutsogolo ndi ofooka poyerekeza ndi a lero, munthu woyenda nayo usiku tsiku ndi tsiku ndingamuuze zina, koma iyi ndi yoyenda Lamlungu masana.

Chinanso chimene sitinagwirizane poyamba ndi mabaji. Baji ya mbali imodzi ya boneti inali yothyoka, ndipo wina anawauza bwanayo kuti angogula za Dodge poti zimapezeka zatsopano, komanso akuti Dodge anthu amaidziwa, ikhoza kugulika bwino. Zimenezi zinandipweteka ndithu. Ma Dodge a Pilot-house oyendetsera kumanzere ku America alipo ambiri, koma iyi inapangidwa ku Windsor, chiwongolero kumanja, inaoloka nyanja pa sitima n'kudzagwira ntchito pa famu ya ku Africa moyo wake wonse, ndipo baji ija pamodzi ndi kachitsulo ka pa kebu ndi zimene zikuchitira umboni ulendo umenewo. Mukamata Dodge, makaniko wotsatira adzaodanso gasketi ya mainchesi 23. Bwanayo anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo awo sankaitchula kuti bakkie kapena Dodge, ankangoti die Fargo. Baji yothyokayo tinaitumiza kwa munthu wokonza zitsulo zosungunula zija, inabwera italumikizidwa, mzere wake ukuoneka pang'ono mukayandikira.

Tsiku loyesa tinaisiya ikulira pa idle kwa ola lathunthu ndikuyeza ndi thermometer ya laser pa hedi, kutsogolo ndi kumbuyo kunali pafupifupi chimodzimodzi, rediyeta osawira, oyilo woyera. Kenako tinatuluka nayo kulowera njira ya ku Heidelberg. Si galimoto yothamanga, magiya ake a difu ndi a katundu, ikafika cha m'ma 70 km pa ola injini imakhala ikukuuza kuti pakwana, koma pa chitunda imakoka pa top giya osadandaula, stroke yaitali ija imagwira ntchito yake. Chiwongolero ndi cholemera galimoto ikaima koma ikangosuntha imakhota malo ochepa modabwitsa, poti pa mtundu umenewu Dodge anabweza ekiselo yakutsogolo mmbuyo n'kusunthira injini kutsogolo.

Zotsala ndi matabwa a m'bodi kumbuyo amene anaola, ma bush a masipuling'i, ndi oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft imene ikudonthabe pang'ono, tagwirizana kuti tidzaiona ikadzabwera kudzamangitsanso hedi itayendako makilomita angapo. Bokosi la magasketi a mainchesi 23 lija bwanayo anandisiyira. Ndinalemba pamwamba ndi marker kuti block lalifupi, la ku America, n'kuliika pa shelefu yapamwamba, ndipo mu glove box ya Fargo ndinasiyamo kapepala kolemba utali wa hedi, bore, stroke, positive earth, ndi kuti manati a kumanzere amamasukira kumanja.